Womira Sakuwa

Ndinali mu giredi 5 pamene ndinaona munthu akumira koyamba, ndipo sindinadziwe kuti akumira. Unali mwezi wa January, mvula itakata pang'ono masana, ndipo tinali anyamata asanu kumaenje a njerwa kuseri kwa komboni yathu. Amene munakulira ku Mchini, ku Navutika kapena ku Magazine mumawadziwa maenje amenewa. M'cilimwe anthu amakumba dothi loumbira njerwa, njerwa zikapsa n'kugulitsidwa dzenje limatsala lili yasa, ndiye mvula ikabwera limasanduka dziwe la ana a amphawi. Madzi ake amaoneka ngati tiyi wamkaka. Pansi sipaoneka, ndipo pamene dzulo madzi anali kulekeza m'ciuno, lero angakumize mutu.

Msuweni wanga, wamng'ono kwa tonse, anali ciimire m'madzi, mutu atagadamitsa, kamwa likutuluka n'kulowanso, manja akupalasa m'mbali ngati munthu wofuna kukwera khoma losaoneka. Sanalire. Sanaitane dzina la munthu. Ife tinali kumuseka, poganiza kuti akuyesa kunyaya monga galu. Amene anaona zoona anali mai wina amene anali kucapa pamwala capatali. Anataya sopo, anazula nsungwi imene inacirikiza cingwe coyanikira zovala, nalowa m'madzi kulekeza m'maondo cabe, namugunda nayo mwanayo pacifuwa mpaka anaigwira. Atamukokera kumtunda, msuweni wanga anasanza madzi ofiira nayamba kulira. Pomwepo maiwo anatembenukira kwa ife ndi nsungwi yomweyo.

"Ana imwe, mnzanu afa mukuseka? Maso muli nao a ciani?"

Tinathawa mobalalika, kabudula kumanja. Dzina lao sindinalidziwe mpaka lero. Koma patapita zaka zambiri, nditaona pa TV anyamata ovala zofiira ndi zacikasu atakhala pamipando yaitali kugombe la Durban, ndinazindikira kuti nchito imene mai aja anagwira tsiku lija, kwina kuli anthu amene amaiphunzira ndi kulandirapo malipiro. Pa Cingelezi amati lifeguard. Pa Cinyanja tilibe dzina lake lenileni, ndipo kusowa kwa dzinako n'kumene kunandicititsa kufufuza mbiri yake.

Ife a ku Chipata sindife anthu a kunyanja. Tauni yathu inakhala pakati pa mapiri, ndipo gombe lamcenga lapafupi lili m'dziko la eni: uoloke malire pa Mwami, upyole Mchinji ndi Lilongwe, ukafike ku Senga Bay ku Salima. Komabe mbiri ya Angoni kuno imayamba ndi madzi. Mu November 1835, tsiku limene kunacitika kadamsana dzuwa n'kuda masana, Zwangendaba anaolotsa anthu ake mtsinje wa Zambezi pafupi ndi Zumbo, ndipo Mpezeni anali akali mwana. Kadamsanayo ndiye anathandiza akatswiri a mbiri kudziwa caka ndi mwezi. Za mmene anaolokera, nkhani za akulu zimasiyana: ena amati mfumu inamenya madzi ndi ndodo, ena amati eni dera anawaolotsa ndi mabwato ao. Koma zambiri mwa nkhanizo zimakumbukiranso kuti ena anatsala m'madzi. Ankhondo amene sanali kuopa mkondo wa munthu aliyense anasowa mphamvu pamaso pa mtsinje. Caka ciliconse mu February timapita ku Mtenguleni kukaonerera N'cwala, timatamanda zishango ndi zibonga, koma opalasa bwato aja palibe amawaimbira nyimbo.

Kumidzi kunalibe munthu wolembedwa nchito yolondera dziwe, koma kunali njira zolondera. Ambuya anga anali kutiuza kuti padziwe lakuti pamakhala cinjoka cimene cimakoka ana, kuti madzi odikha ndiwo amadya munthu, kuti mwana sapita yekha kudambo. Ndili mnyamata ndinali kuziseka nthano zimenezi. Tsopano ndimaona kuti cinjoka cija cinali cikwangwani ca anthu osalemba: cinali kuikidwa pamalo akuya, pamene pali matope omata miyendo kapena pamene madzi amazungulira. Kuonjezera apo, ana anali kusamba pamene amai ao anali kucapa ndi kutunga, motero maso a akulu analipo nthawi zonse. Ku Luangwa, kumene kuli ng'ona ndi mvuu, mwini bwato ndiye anali kunena ngati lero kuolokeka kapena ai, ndipo mau ake sanali kutsutsidwa. Titasamukira m'makomboni nthano tinazisiya kumudzi, amai anapita kukagulitsa ku msika wa Kapata, ndipo madzi anatsala ndi ana okha.

Nchito yopulumutsa omira monga nchito ya bungwe inayamba kutali ndi kuno. Mu 1767 anthu a mumzinda wa Amsterdam, umene uli ndi ngalande zamadzi m'malo mwa misewu yambiri, anakhazikitsa bungwe lotsitsimutsa anthu ovuulidwa m'madzi. Mu 1774 madokotala awiri a ku London, William Hawes ndi Thomas Cogan, anayambitsa lao, limene pambuyo pake linachedwa Royal Humane Society. Cimene anali kulimbana naco coyamba cinali maganizo a anthu. Ambiri anali kukhulupirira kuti munthu akatuluka m'madzi asakupuma, basi wafa, palibenso cocita. Hawes anayamba kupereka ndalama kwa aliyense wobweretsa mwamsanga munthu wovuulidwa mumtsinje wa Thames, kuti ayesedwe. Njira zao zina lero n'zoseketsa. Anali kugwiritsa nchito mvukuto, wonga wa osula makasu, kupopera utsi wa fodya kumatako kwa womirayo, poganiza kuti kutentha kwake kudzutsa thupi. Zida zimenezi zinaikidwa m'malo osiyanasiyana m'mbali mwa mtsinje. Ife a ku Eastern, olima fodya, tikanapeza msika wabwino. Koma pansi pa zoseketsazo panali mfundo yoona, yakuti pakati pa kusiya kupuma ndi kufa pali kanthawi, ndipo m'kanthawi kameneko munthu angabwezedwe.

Mabungwe oyambawo anali kudikira kuti munthu amire kaye. Kusintha kunabwera mu 1891, pamene katswiri wonyaya William Henry anayambitsa ku London bungwe lophunzitsa anthu wamba kupulumutsa anzao akali m'madzi, limene mu 1904 linakhala Royal Life Saving Society. Ku Australia nako, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, malamulo oletsa kusamba m'nyanja masana atacotsedwa, makamu a anthu osadziwa mafunde anathamangira kugombe ndipo ambiri anamira. Mu 1907 anyamata a ku Bondi, mumzinda wa Sydney, anapanga kalabu yolondera gombe, ndi cingwe cacitali cokulungidwa pa cipangizo cozungulira: mmodzi amamanga lamba n'kunyaya kukagwira womira, anzake n'kuwakoka onse awiri. Pa 6 February 1938 mafunde akuluakulu anakokolola anthu mazana pagombe lomwelo nthawi imodzi. Anafa asanu. Ena onse anatulutsidwa amoyo, cifukwa tsikulo olondera ambiri anali pomwepo kukonzekera mpikisano wao.

Taonani zaka zimenezi. Pamene Henry anali kuyambitsa bungwe lake, kuno Mpezeni anali akali kulamulira dziko lake. Mu January 1898 asilikali a Angelezi anagonjetsa Angoni, Nsingo anaphedwa, ndipo posapita nthawi panamangidwa Fort Jameson, imene inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Azungu amene anabwera anali ocokera m'dziko lomwe lija limene linali kuphunzitsa ana ake kunyaya ndi kupulumutsana. Anabweretsa bwalo la gofu, msonkho wa nyumba, minda ya fodya ndi citupa. Luso la pamadzi analisunga mkati mwa mpanda. M'matauni a migodi ku Copperbelt, makalabu a Azungu anali ndi maiwe osambiramo omangidwa ndi simenti, ndipo munthu wakuda anali kulowamo kukasesa ndi kucotsa masamba pamadzi. Agogo athu amene anapita ku migodi, ku Salisbury kapena ku Joni anawaona maiwe amenewo ndi maso cabe. Lamulo locepetsa tsankho m'mahotela, m'malo odyera ndi m'masinema a Northern Rhodesia linabwera mu 1960, patatsala zaka zinai kuti tilandire ufulu. Anthu akamati munthu wakuda ndi madzi sagwirizana, ine ndimakumbukira zimenezi. Asodzi a ku Nkhotakota ndi a ku Mpulungu amanyaya ngati nsomba. Amene sanaphunzire ndi ife a m'tauni, amene tinacoka kumtsinje wa kumudzi koma dziwe la m'tauni n'kutitsekera.

Ku South Africa tsankho la pamadzi linalembedwa m'lamulo la 1953 lolekanitsa malo a anthu onse. Magombe abwino, okhala ndi olondera, anali a Azungu, ndipo akuda anapatsidwa akutali ndi oopsa. Mu August 1989 Desmond Tutu anatsogolera anthu kukaponda magombe oletsedwa pafupi ndi Cape Town, apolisi akuwadikira ndi agalu ndi zikoti. Mu November caka comweco F.W. de Klerk analengeza kuti magombe atseguke kwa onse, ndipo lamulo lija linafafanizidwa mu 1990. Anyamata akuda amene ndinawaona pa TV pamipando ija, makolo ao sakanaloledwa ngakhale kuponda mcenga umenewo.

Tsopano, kodi nchitoyo kwenikweni ndi yotani? Mafilimu anatinamiza. Amationetsa munthu wa zifuwa akuthamanga pamcenga kukadumphira m'nyanja, kumene wina akukuwa ndi kukupiza manja m'mwamba. Mlonda wina wa pagombe ku New York, Frank Pia, anajambula mafilimu a anthu omira enieni ca m'ma 1970 ndipo anaonetsa zosiyana. Womira sakuwa, cifukwa kanthawi kamene kamwa lili pamwamba pa madzi n'kongokwanira kukoka mpweya. Sakweza manja kuitana, cifukwa thupi limawakankhira pansi lokha pofuna kutukula mutu. Amakhala ciimire, miyendo osaponda, ndipo zimenezi zimatenga masekondi 20 mpaka 60 cabe asanalowe pansi. Nditawerenga zimenezi thupi linacita tsemwe. Anali kufotokoza msuweni wanga ndendende, ndi ife anai tikuseka pamtunda wa mamita ocepa.

Motero mbali yaikulu ya nchito ya mlonda wa pamadzi ndi kuyang'ana. Amayendetsa maso kucoka mbali ina kupita ina mosalekeza, amawerenga mitu, amaika cizindikiro pa mwana amene wakhala cete. Amasinthana ndi mnzake pafupipafupi cifukwa maso amatopa ndi kunyezimira kwa madzi. Sagwira foni. Pagombe amayamba m'mawa kuwerenga nyanja, kuona pamene madzi akubwerera mwamphamvu kunka pakati, n'kuzika mbendera zofiira ndi zacikasu kusonyeza pamene anthu angasambe. Likhweru lake limalira kambiri kuposa mmene iye amanyowera. Ndipo akamaphunzitsidwa amauzidwa kuti kulowa m'madzi ndi njira yotsiriza: yamba wakuwa kuitana anthu, tambasula ndodo kapena nsalu, ponya cingwe kapena cinthu coyandama. Cifukwa cake n'cakuti womira amagwira ciliconse cimene camukhudza n'kukwerapo, ngakhale akhale mbale wake. N'cifukwa cake nthawi zambiri timamva maliro awiri panyumba imodzi, mwana ndi mkulu wake amene anamudumphira. Mai aja ndi nsungwi yao anacita monga mmene buku limanenera, buku limene sanaliwerengepo.

Za kutsitsimutsa munthu, njira imene ikugwiritsidwa nchito lero si yakale kwenikweni. M'zaka za m'ma 1950 madokotala James Elam ndi Peter Safar anatsimikiza kuti mpweya wocoka m'kamwa mwa munthu ndi wokwanira kusunga mnzake wamoyo. Mu 1960 William Kouwenhoven ndi anzake ku Johns Hopkins, mumzinda wa Baltimore, anaonetsa kuti kukanikiza pacifuwa kumayendetsa magazi mtima utaima. Ziwirizi zitaphatikizidwa ndiyo CPR. Kwathu ndaonapo anthu akupondaponda womira pamimba, kapena kumuzondotsa miyendo m'mwamba kuti madzi atuluke. Kumeneko ndi kutaya nthawi, ndipo kungamulowetse masanzi m'mapapo. Cimene iye akusowa ndi mpweya. Amagonekedwa cagada pamalo olimba, mutu n'kupendeketsa kumbuyo, n'kumuuzira mpweya m'kamwa, kenako kukanikiza pakati pa cifuwa ka 30 ndi kumuuzira kawiri, mobwerezabwereza, wina atathamanga kale kukafuna galimoto. Ubongo umayamba kuonongeka pakapita mphindi zocepa wopanda mpweya, motero amene ali pafupi ndiye dokotala. Ndipo ngakhale wotsitsimukayo adzuke n'kuyenda, ayenera kukaonedwa kucipatala, pakuti madzi olowa m'mapapo angamuvute pambuyo pake. Msuweni wanga sanapite. Tinabisa nkhaniyo kunyumba poopa cikwapu, ndipo usiku wonse ndinagona ndikumvetsera mmene anali kutsokomolera.

Mu 2014 bungwe la World Health Organization linatulutsa lipoti lake loyamba la za kumira. Linati anthu 372,000 anali kufa m'madzi caka ciliconse padziko lonse, oposa theka osakwana zaka 25, ndipo oposa 90 pa 100 alionse a m'maiko osauka ndi apakati. Caka comweco, pa 24 October, tsiku limene Zambia inali kukondwerera zaka 50 za ufulu, bwato linagubuduka panyanja ya Kariba m'boma la Gwembe ndipo anthu 26 anafa, ambiri ana a sukulu amene anali kupita kucikondwereroco. Mu 2021 United Nations inasankha 25 July kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa kumira. Kuno limadutsa mwakacetecete, pakati pa cisanu, maenje a njerwa ali gwaa.

Chipata inalengezedwa kukhala mzinda mu February 2017. Madzi ake oopsa sali pagombe lokhala ndi mbendera. Ali m'madamu a Lutembwe amene timamwako, mu Lunkhwakwa ukasefukira, m'ngalande za m'mbali mwa msewu, m'zitsime zosavundikira za m'madimba, m'maenje a njerwa ndi a miyala, ngakhalenso m'baketi ya pakhomo imene kamwana kongoyamba kuyenda kangagweremo camutu. Maiwe omangidwa bwino alipo m'mahotela ndi m'malodji, ndipo pa Khrisimasi ndi pa Nyuwere acinyamata amasonkha ndalama kukasamba ndi kujambulitsa zithunzi za pa Facebook. Ndinapitako kumalo ena otere ndi ana a mlongo wanga. Pakhoma panali cikwangwani ca Cingelezi conena kuti wosamba adziyang'anire yekha. Nyimbo zinali pamwamba, mowa ukuyenda, ana oposa makumi awiri ali m'madzi. Ndinafunsa mnyamata amene anali kusesa m'mbali ngati pali woyang'anira osamba.

"Ndine ndemwe, bakamba," anatero, tsache lili kumanja. Nditamufunsa ngati amadziwa kunyaya, anaseka n'kuyang'ana kumbali.

Sindimuimba mlandu. Analembedwa nchito yosesa. Cimene cimandiwawa n'cakuti tsoka likagwa pa damu kapena padzenje, timaitana apolisi ndi ozimitsa moto, khamu limasonkhana m'mbali, ndipo nchito imene imagwiridwa ndi yovuula mtembo. Pa nkhani imeneyi tili pamene anthu a ku London anali asanafike 1891: tili ndi ovuula, tilibe olondera.

Wina anganene kuti mzinda umene ukuvutika ndi zinyalala ndi misewu sungalipire munthu wokhala pampando kuyang'ana madzi, ndipo maenje ndi ambiri kuposa anthu amene angalembedwe. Ndi zoona. Koma dziko limene landiphunzitsa zambiri pa nkhaniyi si Australia, ndi Bangladesh, kumene kumira kwakhala kukupha ana aang'ono ambiri koposa. Kumeneko bungwe la CIPRB silinadikire maiwe a simenti. Linamanga timipanda ta nsungwi m'maiwe a m'midzi momwemo, ndi pansi pake poponda, ndipo acinyamata a m'mudzi ophunzitsidwa amaphunzitsiramo ana kuyandama, kunyaya ndi kupulumutsa mnzao ali kumtunda. Kwa tiana tosafika msinkhu wa sukulu anakonza malo olerera, kumene mai mmodzi amayang'anira ana a anzake kucokera m'mawa mpaka masana, nthawi imene amai ao amakhala otanganidwa ndipo ana ambiri amamira. Ku South Africa, bungwe la NSRI kuyambira 2017 limapacika zoyandamitsa zamtundu wa pinki pamitengo m'magombe ndi m'madamu opanda mlonda, kuti wodutsa aliyense aponyere womira. Ife tili naco kale cinthu cotere panyumba iliyonse. Cigubu ca malita 20 copanda kanthu, cotsekedwa bwino, cimayandamitsa munthu wamkulu. Cimangofuna cingwe.

Msuweni wanga lero ndi tate wa ana atatu ndipo amayendetsa njinga yamoto yonyamula anthu. Madzi amawaopa mpaka pano. Ngakhale paulendo wa mpingo ku Senga Bay anakhala pansi pa mtengo kusunga nsapato za anzake. Mwezi watha, mvula itayamba, ndinapita kukamuona ndipo tinayenda mpaka kumaenje aja. Ena anakwiriridwa, pamangidwa nyumba. Koma capatsogolo pakumbidwa atsopano, ndipo m'limodzi munali tianyamata tinai, mayunifomu titaunjika pa udzu. Pamwala panalibe wocapa. Anthu masiku ano amacapira pakhomo.

Tinaima osalankhula. Ndinaona milomo yake ikugwedera, ndipo ndinazindikira kuti akuwerenga mitu. Foni yake inalira, kasitomala akumufuna ku Kapata. Anaiyang'ana, naibweza m'thumba.

"Tiyeni tikhaleko pang'ono, akulu," anatero, nakhala pansi pa njerwa yosweka. "Aka kakang'ono aka sikadziwa."